Amayi a Sikelo

Azamba athu aja, amene tonse tinkawatcha Amayi a Sikelo, dzina la munthu sankalisunga m'mutu. Ankasunga makilo amene unabadwa nawo. Ukakumana nawo pamsewu, kaya wavala taye, kaya uli ndi chibwenzi, umangomva, "Iwe Atatu, amako ali bwanji?" Aphunzitsi aakulu, munthu wachimimba chake, anali Kilo ndi Theka mpaka tsiku lopuma ntchito. Ine ndinali Awiri, ndipo zinkandiwawa, ndisaname.

Tsiku la sikelo ankayamba ndi kuwerenga mitu pabenchi. Wina akasowa, buku ankatseka.

"Uja wa mpango wofiira, wa miyezi isanu ndi iwiri, ali kuti?"

"Akuti akuchapa, Amayi."

"Akuchapa? Mimbayo im'dikira amalize kuyanika?"

Basi njinga yawo yopanda mabuleki ija yatuluka pageti, poima akukwekwesa nsapato.

Azibambo ndiye tinkawazemba. Wina anabisala kuseri kwa chitseko kometera, iwo n'kukuwa ali pamsewu, "Ndakuona, Anayi! Chimutu chimenecho chinandivutitsa tsiku lonse, lero chibisike?"

Mkazi wanga atachira mwana wathu woyamba, Amayi anati abwerenso pakatha sabata kuti adzamuone. Ine ndinati za chiyani, mwana akuyamwa, mayi akuyenda. Mutu ankadandaula, inde, mapazi atatupa, koma ndinati n'kutopa chabe. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndikucheka matabwa pashopu yanga, makasitomala atatu ali pomwepo, ndinangomva nsapato zija kweee!

"Awiri! Mkazi wako ali kuti?"

"Ali bwino, Amayi, ndi kamutu chabe."

"Kamutu? Udokotalawo waphunzirira pa matabwa pompano? Ndinakumangirira pachifuwa pa amako milungu itatu kuti usafe, lero undiphere mwana wa eni? Siya sowoyo!"

Makasitomala anaseka mpaka misozi. Tinakam'tenga. Atamuyeza kuthamanga kwa magazi, Amayi anaitana ambulansi nthawi yomweyo. Adokotala a kuchipatala chachikulu anandiuza kuti tikanachedwa tsiku linanso limodzi, bwenzi tikunena zina.

Koma ine, chitsiru, chimene ndinasunga mumtima ndi kuseka kwa makasitomala kuja. Zaka makumi awiri Amayi ndinkawapatsa moni wa mutu wokha. Ndinkati zikomo ndidzanena ndikadzapeza mpata wabwino.

Tinawaika m'manda chaka chatha. Mwezi uno mwana wathu uja, nayenso ndi woyembekezera tsopano, tinam'perekeza ku sikelo, ine ndi mayi ake. Anamwino atsopano ndi aulemu, sakalipira munthu, ndipo pakhonde pali zii ngati pa mayeso. Ndinawasowa Amayi, mtima unandiwawa zedi. Mkazi wanga anakhala pambali panga, imvi zitayamba, maso ali pachitseko cha chipinda chimene Amayi ankayezeramo. Kenaka anandifunsa chapansipansi.

"Kodi bambo, munawathokoza?"

Ndinadzuka, ndinati ndikaone ngati kunja kukubwera mvula.