Mawu Amene Anandigoneka Kuseri kwa Nkhokwe

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti yafika kale kwa okonza njinga a pa Mtakataka, bola muimvere kwa mwini manyazi.

Ndinali nditangotha miyezi iwiri pa chikamwini, kwawo kwa mkazi wanga Agnesi, kufupi ndi Mua. Mwambo mukuudziwa: apongozi aakazi suyang'anana nawo, ukawaona umapatuka n'kunjuta patali. Ine ndinkausunga kuposa Malamulo Khumi, moti ngakhale mawu awo ndinali ndisanawamvepo pafupi.

Tsiku lina masana, ndikuchokera kudimba, ndinamva Agnesi akucheza ndi munthu m'nyumba. Mawu osalala, odekha.

"Mwafunsa bwino, Agnesi. Ndili pano chifukwa cha inu."

Mwamuna ameneyu! Mtima unawira. Ndikuti ndikankhe chitseko, mawu aja analankhulanso, ulendo uno ngati mayi wachikulire. Ndinaziziratu. Ndikalowa ndi ukali n'kupeza ndi apongozi, ndibwerera kwathu ku Golomoti ndi kachikwama. Ndikapanda kulowa, ali mwamuna, banja latha chimodzimodzi.

Pulani yanga inali yokhala kuseri kwa nkhokwe n'kumvetsera bwino. Kamphepo kanali kayeziyezi, njiwa zikulira mumtengo. Mawu aja ankangoyenda, osakwera osatsika, akunena za mvula ndi nthawi yowokera mpunga. Ndikati ndi bambo, ankafewa. Ndikati ndi mayi, ankakula. Zikope zinalemera.

Ndinalota mlendoyo akuyandama pamwamba pa dambo, kumtunda jekete, kumunsi chitenje, ine ndikumuthamangira: "Ndikumenyeni kapena ndikugwadireni?"

Ndinadzidzimuka ndi phwete. Agnesi anali ataima patsogolo panga, foni m'manja.

"Mukubwebweta chiyani? Mukufuna kumenya ndani?"

"Mlendo uja ali kuti?"

"Si uyu! Ndi app ya ulimi ya mufoniyi. Mufunseni nokha."

Ndili chigonere, ndinakonza kukhosi. "Pepani, ndinu abambo kapena amayi?"

"Sindine bambo, sindinenso mayi," inatero foni mwaulemu. "Mawu anga anawapanga dala chonchi kuti aliyense azimasuka nane, ngakhale amene sadziona ngati bambo kapena mayi."

Mtima unakhala pansi, pakamwa n'kumasuka. "Bola! Ndimayesa apongozi. Kunena serious, Agnesi, mayi ako ndimawaopa kuposa ng'ona."

Wina anatsokomola pamutu panga penipeni.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Lichero la mtedza. Miyendo yotambasula. Apongozi! Paja pamthunzi wa nkhokwe pamenepo ndi pamene ankasendera mtedza masana aliwonse. Anandipeza ndili mtulo, nane pogubuduka ndinafika pomwe anakhala. Kundidzutsa sakanatha, mwambo sulola.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mwana wawo.

"Agnesi, uwauze bambowa kuti ng'ona ikufuna kudzuka. Agonera chitenje chake."

Banja lilipobe, koma mudzi wonse, mpaka ana a Sande sukulu, umanditchula kuti Mkamwini wa Ng'ona.

Musanafunse foni kuti ndi bambo kapena mayi, yambani mwaona kaye chitenje chimene mwagonera.