Nyumba Yakale Koposa, Yomangidwa ndi Mlamu Wanga

Kwa Olemekezeka a Nduna a Zokopa Alendo,

Bwana,

Ndagwada, chipewa ndavula, ndipo m'manja ndasamba ndisanagwire cholembera kuopa kudetsa maso anu. Ine ndine munthu wamba, wokonza maambulera ndi mazipi a zikwama pakhonde la sitolo ya nsalu, pafupi ndi depoti ya mabasi. Dzina langa simulidziwa, ndipo musavutike nalo. Koma nyumba yanga mumaidziwa bwino. Ndi ija ili patsamba loyamba la kabuku kanu ka malo oyenera kuona mu likulu lathu lino, ija yopendekeka ngati ikufuna kunong'oneza nyumba ya aneba. Bambo akuoneka pachithunzipo atamanga thaulo m'chiuno, mswachi uli kukamwa, ndine.

Ndalemba kuti ndithokoze. Ndalembanso chifukwa mitambo yayamba kusonkhana, ndipo mayi a ana anga andiuza mosapsatira kuti mvula yoyamba ikadzawapeza pansi pa denga limeneli, adzatenga ana n'kupita kwa akulu awo, osabwereranso. Mayi amenewa sanena chinthu kawiri.

Poti ntchito zanu n'zambiri, ndikukumbutseni mmene ulemu umenewu unandigwera. Mutamva kuti kukubwera alendo akunja, munatuma komiti kuti izungulire mzinda kufunafuna nyumba yakale yoti alendowo azijambula. Komiti ija inavutika, Bwana. Pamene panali positi ofesi yakale inapeza malo omwetsera mafuta galimoto. Pamene panali holo yakale inapezanso malo omwetsera mafuta. Pamene panali sukulu yoyamba ya mumzinda muno inapeza bwalo loimikapo galimoto zodikira mafuta. Ili pobwerera chimanjamanja, galimoto yake inaphwa tayala pakhomo panga penipeni. Akuluakulu aja anatsika kuti awongole miyendo, mmodzi anayang'ana nyumba yanga, navula magalasi, nawavalanso. Sanafunse munthu aliyense, ndipo ndikuwayamikira, chifukwa kufunsa kumachedwetsa chitukuko.

Tsiku lina pochokera kuntchito ndinangopeza chikwangwani chachikulu chitazikidwa pakhomo, pamwamba pali nkhope yanu ikumwetulira, m'munsi muli mawu akuti: NYUMBA YAKALE KOPOSA MU LIKULU LINO, YOMANGIDWA NDI MAKOLO ATHU POPANDA CHINGWE KAPENA CHOYEZERA CHILICHONSE.

Zoti panalibe chingwe kapena choyezera n'zoona, ndipo ndingalumbire. Nyumbayi anamanga ndi mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga, chaka chimene mwana wathu woyamba anabadwa, ndipo mwanayo akadali ku pulayimale. Mlamu ankati levulo yoyezera khoma ndi ya amisiri osakhulupirira maso awo. Iye ankangotsinzina diso limodzi, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti khoma lawongoka. Khomalo linatsatira mutu wakewo.

Tsono zothokoza zanga ndi izi.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha alendo. Kale pakhomo panga pankafika aneba obwereka nyundo basi. Lero pamaima basi yathunthu, yoziziritsa m'kati, n'kutsitsa anthu a zipewa zazikulu ndi makamera olendewera m'khosi. Amajambula chilichonse. Ajambula beseni, ajambula mphaka, ajambula mkazi wanga akukalipira mphaka. Mayi wina anaima nthawi yaitali kutsogolo kwa buluku langa lili pachingwe, n'kufunsa ngati makolo ankavala lomwelo. Sindinamutsutse, chifukwa bulukulo ndi lakaledi kuposa nyumba. Ana anga tsopano sadya mpaka wina awajambule, ndipo wamng'ono akaona munthu aliyense wa chipewa, ngakhale wogulitsa makala, amaima njo n'kuonetsa mano.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha wotsogolera alendo amene munatipatsa. Ife kuno timamutcha Wayilesi, poti akayamba kulankhula palibe podina kuti aleke. Mnyamata ameneyu ali ndi mphatso, Bwana, mumukweze pantchito. Atangoyamba ankati nyumbayi ili ndi zaka zana. Alendo atachita chidwi anawonjezera zina, ndipo pano yafika poti inaliko mzinda usanabwere, misewu inachita kuilambalala mwaulemu. Mng'alu wa pakhoma la kuchipinda akuti ndi chipsera cha nkhondo. Nkhondo yake inali ya ine ndi kabati, tsiku limene mkazi wanga anafuna kuti kabatiyo ayang'ane kuzenera.

Koma pamene Wayilesi anaposa ndi pa kanyumba kakuseri kaja, kamene banja lililonse limakhala nako ndipo sitikatchula pamaso pa akuluakulu. Iye amauza alendo kuti m'menemo ndi mmene akulu akale ankalowa mmodzimmodzi kukasinkhasinkha nkhani zozama. Alendo amafola pamzere, amavula nsapato, amalowa mwakachetechete, ndipo amatuluka misozi ili lengelenge. Wayilesi amati mzimu wa malowo wawakhudza. Tsiku lina anatsegula chitseko ine ndili m'katimo ndikusinkhasinkha zanga. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anangouza alendo kuti ali ndi mwayi, mwambowo ukupitirirabe mpaka lero, ndipo anthu anaomba m'manja.

Mlamu wanga naye nkhaniyi yamukomera. Poyamba ankaima pakati pa alendo kumvetsera Wayilesi akusimba za mmisiri wamkulu womanga nyumbayi, amene anamwalira kalekale dziko lisanamuthokoze, ndipo ankalira ndithu, mamina tayale. Kenako analephera kupirira, anakokera Wayilesi pambali n'kumuuza kuti mmisiriyo ndi iyeyo. Wayilesi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mawa lake anamuonetsa kwa alendo monga mdzukulu wa mdzukulu wa mmisiri uja. Mlamu sanakane. Pano ndi mdzukulu wa iye mwini, amavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, alendo amamugulira zoziziritsa kukhosi, ndipo ine amandipatsa moni ndi nsonga za zala. Ndikamukumbutsa za denga amati ndisanyoze ntchito ya agogo ake.

Chachitatu, ndipo apa ndipempha kuti mukhale pansi, ndikuthokoza chifukwa cha chitetezo chimene mwaika pa denga langa.

Denga limeneli, Bwana, malata ake anali akale pamene tinkawakhoma, ogula kwa munthu amene ankaphwasula khola la nkhuku. Dzinja lathali tinkadya chakudya chamasana aliyense dzanja limodzi lili m'mbale, lina litagwira ambulera wa kasitomala. Makasitomala ankadabwa kuti ambulera wongosintha nthiti imodzi akutenga nyengo yonse ya mvula, ine n'kumati zipangizo zikuvuta kupeza. Makope a ana ankauma pa mbaula ngati nsomba. Makina osokera a mkazi wanga, amene anawasiyira malemu amayi awo, anachita dzimbiri mpaka kuuma gwa. Tsiku limenelo sanakalipe, anangowaphimba ndi nsalu, ndipo ine ndinaopa kuposa masiku onse amene amakalipa. Ndinawalonjeza kuti dzinja lina silidzatipeza chonchi. Chilimwe chonse ndakhala ndikubwera ndi lata limodzilimodzi pamutu kuchokera ku hadiweya, mpaka anakwana.

Tsiku limene ndinatsamiritsa makwerero pakhoma, misomali ili kukamwa, panafika bwana wina wa tayi wochokera ku unduna wanu. Anandilamula kuti nditsike msanga ndisanavulaze chuma cha dziko. Ndinayamba kuthokoza poganiza kuti chumacho ndine, koma ankanena khoma. Anandiwerengera lamulo lakuti pa nyumba ya mbiri saloleza kukhoma msomali, kupaka laimu, kapena kusintha kanthu kalikonse. Analowa m'nyumba, nayang'ana kumwamba, naona kuwala kukulowa m'mabowo onse aja, ndipo anagwira pamtima. Anati makolo athu ankadziwa kulowetsa kuwala m'nyumba magetsi asanabwere. Atapeza bowo limodzi limene ndinamata ndi phula chaka chatha, nkhope yake inagwa, nandiuza kuti ndawononga mbiri. Anaimirira pomwepo mpaka nditalitsegulanso ndi mpeni.

Malata atsopano aja anati asaonekere panja chifukwa kunyezimira kwake kukusokoneza zithunzi za alendo. Malo ena m'nyumba mulibe, choncho tinawayala pabedi, matiresi pamwamba. Anthu ena onse mu likulu lino amagona pansi pa malata, ife tokha timagona pamwamba pake. Munthu ukangotembenuka kumamveka ngati mabingu, ndipo aneba amathamanga kukaanula zovala.

Chachinayi, ndikuthokoza chifukwa cha mmene ofesi yanu inandilandirira. Ndinatseka kabizinesi kanga, ndinabwereka jekete la mlamu, n'kubwera kudzagwada pamaso panu. Anandiuza kuti muli kunja kwa dziko, mukuphunzira mmene anzathu amakopera alendo. Nditabweranso anati mwapita dziko lina kukayerekeza ndi zimene munaphunzira koyamba kuja. Ndinanyadira kwambiri, Bwana, kuona kuti nduna yathu ya alendo yafika pokhala mlendo wodalirika wa mayiko a eni. Mlembi wanu, mayi waulemu ndithu, anamvetsera nkhani yanga maso ali pa foni, kenako anandipatsa kabuku kaja kwaulere. Anandilozera chithunzi cha patsamba loyamba n'kundilangiza kuti ndikapeza mpata ndikaoneko nyumba imeneyo, akuti munthu ukafikako mavuto ako amachepa. Ndinalonjeza kuti ndipitako madzulo omwewo.

Apa tsono kuseka ndaleka. Dzulo mkazi wanga anabwera kuntchito kwanga, chinthu chimene sachitachita, atanyamula chikwama chachikulu chija cha paulendo. Anachiika patebulo langa monga kasitomala wina aliyense, n'kunena kuti zipi yake ikuvuta, ndiikonze. Ndinayang'ana chikwama, ndinayang'ana iwo. Ndinakonza, poti ndiyo ntchito yanga, ndipo zipi imene ndakonza ine sivutanso. Ndikuopa, Bwana. Mayi amenewa anandilola ndilibe kanthu, apirira nane zambiri, ndipo chimene apempha si galimoto kapena nyumba yosanja. Apempha kuti ana azigona pouma. Sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri.

Koma musaganize kuti ndabwera ndi madandaulo okhaokha. Ine ndine nzika yomvera malamulo, ndipo ndapeza njira yosaphwanya ngakhale limodzi. Ndinafunsa bwana wa tayi uja ngati pali chinthu chatsopano chilichonse chololedwa kuikidwa pamalo a mbiri. Anaganiza kwa nthawi, n'kuyankha kuti chilipo chimodzi chokha, zikwangwani za unduna. Nditamva zimenezo ndinapita kukagogoda chija chili pakhomo panga. Bwana, ndi lata labwino zedi, lochindikala kuposa anga ogona pabedi aja, lopakidwa penti yosasuluka. Pa zinthu zonse zimene boma linabweretsapo m'dera lathu lino, chimenechi chokha ndicho chinafika msanga ndipo sichinawonongeke.

Pempho langa lodzichepetsa ndi ili. Lamulani kuti anditumizire zikwangwani zina ngati chimenechi, zokwanira denga la zipinda zanga zonse, chilichonse chili ndi nkhope yanu yomwetulira. Ndidzazikhoma pamwamba, nkhope zitayang'ana kumwamba, kuti alendo obwera pa ndege azilandiridwa ndi inuyo asanatere n'komwe. Inunso pobwera kuchokera kumaphunziro anu aja muzidzadziona pazenera, n'kudziwa kuti mwafika kwanu. Komiti musaivutitse, ndidzakhoma ndekha, ndipo mlamu sindidzamulola kuyandikira makwerero. Za mbalame zouluka pamwambapo sindingalonjeze kanthu, koma mvula ndiyo izidzakusambitsani kwaulere. Mukatero, mbiri idzalemba kuti nthawi ina nkhope ya nduna inatchinjirizako banja limodzi kumvula, ndipo pamenepo alendo adzakhala ndi chinthu chachilendo chenicheni choti adzaone.

Ngati zimenezi zingakulemereni, popeza ndikudziwa kuti nkhope yanu ikufunika m'misewu yambiri, musadandaule. Ingotumizani chikwangwani chimodzi chaching'ono, chopanda chithunzi, mvula yoyamba ikangogwa. Ndidzachikhomera ndekha pachitseko, ngati bwana wa tayi angandilole msomali umodzi. Mawu ake akhale ochepa, oti ngakhale mlendo wothamangira basi awerenge: PANO PANKAKHALA BANJA.

Ine wanu, wogwada lero pafumbi, posachedwapa m'matope,

Wokonza maambulera,
mlonda wa chuma cha dziko wosafunsidwa.