Bafa la Mayi Verlie

Mukafunsa aliyense wa mumsewu wathu uno, kuseri kwa fakitale ya thonje kuno ku Mississippi, za malemu Odell Tarpley, choyamba kukuuzani ndi nkhani ya mabafa. Munthu uja akabwera kwanu sankafunsa za ana kapena za matenda. Moni wapamwamba chabe, kenako, "Bafa lanu lili kuti?" Ankalowa, kutseka chitseko, kuwomba m'manja kamodzi, phwa! n'kutchera khutu kuti amve mmene makoma akuyankhira. Potuluka ankapereka chigamulo.

"Lakufa ili. Gulitsani nyumba."

Adawauza choncho ngakhale abusa a Hoskins, ndipo abusawo adatupa mwezi wathunthu.

Ena amati anali wamisala. Onena zimenezo abwere adzanene pamaso panga, ndiwaonetse misala yeniyeni. Munthu wongokonza mawayilesi, sukulu yake yosapita patali, koma adazinga waya pa thabwa lochotsa ku khola la nkhumba, kumangapo zingwe, gitala n'kulira ndi magetsi nthawi imene enafe tinkaopa ngakhale kugwira swichi. Anyamata mukuwamva lerowa akung'amba nyimbo za roko, theka la iwo akudya thukuta lake.

Koma wovutika anali mkazi wake, mayi Verlie. Iwo moyo wawo wonse ankafuna chinthu chimodzi basi: bafa la m'nyumba, la matailosi oyera, la mpope wa madzi otentha. Adakula akusambira m'beseni kuseri kwa nyumba, ndipo adalumbira kuti sadzafa choncho. Mu 1953 bafa lidamangidwa. Tsiku lomwe amisiri adanyamula zida zawo, mayi adathamangira kusitolo kukagula sopo wonunkhira. Pobwera adapeza mawaya akutuluka pansi pa chitseko.

"Odell, mukutani m'bafa mwangamo?"

"Verlie mayi wanga, muno gitala imodzi ikumveka ngati zisanu!"

"Ine ndikufuna kusamba."

"Lachisanu ndikhala nditamaliza."

Lachisanu limenelo lidachedwa zaka makumi anayi. Sipika idakhala m'chibeseni chosambiramo, makina a tepi pa sinki, ndipo mayi Verlie adabwerera ku kabeseni kawo, pano kukhitchini.

Kajambulidwe ka Odell kanali kotere. Ankaimba gitala kamodzi n'kujambula. Kenako ankaliza tepi ija, kuimbanso pamwamba pake, n'kujambula zonse pamodzi. Choncho mpaka kakhumi, munthu mmodzi n'kumamveka ngati gulu lathunthu. Vuto lake, cholowa chalowa. Ukatsokomola pa ulendo wachisanu ndi chinayi, ndiye kuti kayambirenso poyamba penipeni. N'chifukwa chake lamulo la m'nyumbamo linali limodzi: chitseko cha bafa sichikhudzidwa.

Ndiye Loweruka lina kunali ukwati wa mng'ono wawo wa mayi Verlie. Dzuwa loti phula kumata kunsapato. Mayi anali atakazinga milamba ya anthu zana m'mawa wonse, fungo la nsomba mpaka m'tsitsi. Odell anali pa ulendo wachikhumi, tsiku lachitatu akulimbana ndi nyimbo imodzi. Mayi adaima pachitseko, thaulo paphewa, chiwaya m'manja. Adapempha kamodzi mwaulemu. Kenako chiwaya chidalankhula: gu! gu! gugugu!

Mkati gitala idaleka kulira. Ife amene tinali pakhonde tidayamba kuyang'ana kothawira. Chitseko chidatseguka pang'onopang'ono.

"Verlie," adatero Odell monong'ona, "tamenyanso."

"Ndimenya iweyo tsopano."

"Ayi, chimodzimodzi muja. Kawiri, kenako katatu mofulumira."

Ku ukwati mayi adapita akununkha nsomba, ndipo sadakhululuke. Koma nyimbo idatuluka ndi kugogoda kuja momwemo, n'kufalikira dziko lonse. Oimba ng'oma adasowa tulo. Adayesa zikopa zamitundumitundu, adayesa migolo, kulira kuja osakupeza. Mapeto ake adayamba kufika kuno, ena ochokera ku Chicago, ena kutsidya la nyanja, tsitsi lofika m'mapewa, kudzafunsa kuti inali ng'oma yanji. Odell ankangoloza kukhitchini.

"Mphunzitsi ali uko. Koma lowani mosamala, amaluma."

Wina, mwamuna wandevu zake, adagwada pamaso pa chiwaya. Ndidaona ndi maso angawa.

"Dzukani apo achimwene, mukundidetsera simenti," adatero mayi. "Mwasamba liti inuyo?"

"Dzana, mayi."

"Ndiye mwafika nyumba yoyenera."

Odell adatisiya mu 1993, atakhala pampando wake pakhonde, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya. Maluwa a pamanda asanafote, kudabwera azibambo atatu a masuti ochokera ku nyumba ina yosungira zinthu zakale mumzinda waukulu. Ankafuna kugumula bafa lonse, tailosi ndi tailosi, kuti akalimangenso kwawo anthu azikaona.

"Mayi, chipinda ichi ndi mbiri ya dziko lathu," adatero wamkulu wawo.

"Mbiri yanuyo idasambapo m'khitchini?"

"Pepani, mayi?"

"Tengani mawaya. Tengani makina, gitala, ndi fumbi lomwe ngati mukulifuna. Koma wogwira khoma langa abwerera ndi dzanja limodzi."

Adawayang'ana mayi, adayang'anana okha, n'kunyamula zimene adauzidwa.

Mayi Verlie adakolopa masiku awiri. Mpope udayamba watsokomola dzimbiri, kenako n'kutulutsa madzi oyera, otentha bwinobwino. Adalowa m'chibeseni chija, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, mawondo akulira. Madzi atafika m'khosi adayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, monga ankachitira potsuka mbale. Mawu adakwera m'makoma n'kubwerera atanenepa, ngati kwaya yonse yalowa nawo m'madzimo. Adasiya. Adayambanso, mokweza. Mayi Ozella a nyumba yoyandikana nayo, amene ankayanika zovala, adamva zonse kudzera pakawindo.

"Odell, galu iwe!" adakuwa mayi Verlie. "Zaka makumi anayi ukudya wekha zimenezi?"

Kenako, akuti, kudamveka ngati kuseka, ngakhale mayi Ozella salumbira kuti kunali kuseka.

Masiku ano msewu wathu wazizira. Poti makina a Odell adapita, mababu saphethiranso masana, agalu amagona mpaka kunenepa, ndipo wayilesi ikawonongeka timangoitaya ngati anthu opanda nzeru. Koma cha m'ma folo koloko, tsiku lililonse, nthunzi imatuluka pakawindo ka kwa a Tarpley, ndipo mayi amayamba. Kuimba sadziwa, tisanamizane. Amaphonya pokwera, amaiwala ndime yachiwiri. Ife timadzuka n'kukatsitsa wayilesi.