Mkazi amene kompyuta inawapezera apongozi anga

Anzanga, ine ntchito yojambula mavidiyo ndimaidziwa, ndipo zimenezo musakayike. Kuno ku Bindura kukakhala ukwati, kuvundukula chiliza kapena kwaya ikafuna kuoneka pa foni, amaitana ine. Koma tsiku la phwando la apongozi anga aamuna, a Phiri, pamene ankapuma pa ntchito ya mumgodi, ndinaona malodza masanasana.

Banja linagwirizana kuti paphwandopo tionetse kavidiyo ka moyo wawo, ndipo ntchitoyo anatipatsa ine ndi mlamu wanga Tendai, mwana woyamba wa a Phiri. Iye ankafuna pulogalamu yathu yakale ija, yomwe umadula chithunzi chimodzichimodzi, kulumikiza, kuikapo nyimbo, laputopu ikutentha ngati mbaula, msana ukuwawa.

"Alamu, zimenezo n'zamakedzana," ndinamuuza. "Pano kuli AI. Umangoiuza zomwe ukufuna, iyo n'kukupangira filimu yonse iwe ukumwa tiyi."

"Hongu, n'zoona, yakaleyo imachedwa," anatero Tendai, "koma imakubwezera zomwe waipatsa. Yanuyo imawonjezera zake."

Ndinamuseka mpaka misozi. Ine ndinkafuna apongozi adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna wamutu, osati wongonyamula kamera m'maukwati a eni.

Ndinatenga chithunzi cha a Phiri ali mnyamata, chipewa cha mumgodi kumutu, n'kuchiponya mu AI muja. Koyamba inanditulutsira mzungu wandevu ali pa hatchi. Ndinati palibe kanthu, ngakhale mwana amayamba n'kukwawa. Kachiwiri anatuluka a Phiri ndithu, koma zala zake zochuluka ngati phava la nthochi. Kachitatu, eee, anzanga! A Phiri enieni, akutuluka mumgodi, nyali ikuwala pachipumi, fumbi likuuluka, akuyenda monyang'wa ngati mwini mgodi. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinati vidiyo yopanda chikondi ndi ndiwo zopanda mchere, ndiye ndinalemba kuti akatuluka mumgodimo akumane ndi wokondedwa wawo. Ine mumtima ndinkanena apongozi aakazi, Nabanda. Koma kodi chithunzi chawo ndinaipatsa? Ayi. Kodi itamaliza ndinaionera mpaka kumapeto? Ndionerenji, katswiri ngati ine? Ndinangoona poyambira pokha n'kutseka laputopu.

Tsiku laphwando holo ya tchalitchi inadzaza. Abusa analipo, amayi a chigwirizano atavala yunifolomu, anzawo a mumgodi, abale ochokera ku mafamu a ku Mazowe. Ndinaimirira n'kulengeza kuti zomwe aone lero sanazionepo chibadwire. Pamenepo pokha sindinaname.

Vidiyo inayamba kuonekera pakhoma, a Phiri akutuluka mumgodi, nthungululu zili lililili, mwiniwake akumwetulira pampando wa kutsogolo. Kenako kuseri kwa mtengo kunatulukira chiphadzuwa. Wamtali, woyera, ndolo zikulendewera, diresi lofiira. Anathamangira a Phiri, iwonso n'kutaya chipewa, kumunyamula, kumuzunguza m'mwamba. Apongozi anga aakazi ndi aafupi, ndipo ndolo sanavalepo.

Nthungululu zinazima. Ndinalumphira pa laputopu kuti ndizimitse, koma chala chinagunda batani loimitsa, chithunzi n'kuuma pakhoma pomwe awiriwo akupsompsonana, milomo yokha kukula ngati chitseko. Ndinati ndizule waya, ndinazula wa sipika. Nyimbo inatha, chithunzi chili pompo.

Nabanda, amene chikwatirire mwana wawo anali asanandiyang'anepo m'maso, anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Mukwasha, mkamwini wanga, ameneyu ndi ndani?"

Ndinagwada, thukuta lili kamukamu. "Amayi, si munthu ameneyu. Kompyuta yangomupeka."

"Kumupeka? Ndi ndolo zomwe? Nhema idzo, bodza lenileni!"

Ndisanayankhe, azakhali a mkazi wanga anaimirira kumbuyo, dzanja lili pakamwa. "Maiwe, ndamuzindikira! Si uja ankagulitsa mabanzi pageti la mgodi ku Shamva uyu?"

Taonani, anthuni, mkazi woti sanabadwe n'komwe, wapangidwa dzana pa laputopu yanga, koma wapezeka kale ndi kwawo ndi ntchito yomwe! Ndinalumbira, ndinafotokoza za hatchi ndi za zala zija, palibe anandimvera. Mkazi wanga ankandiyang'ana ndi diso loti tikakumana kunyumba. Tendai anali atabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Ndiye a Phiri, mkulu wa mpingo, munthu wachifundo, anaona kuti mkamwini wawo akumira. Anaimirira pang'onopang'ono, kukonza jekete, n'kukweza dzanja.

"Mai Tendai, mtima pansi. Mwanayu akunena zoona, izi n'zamakina chabe. Uja wa ku Shamva anali wamfupi, komanso wakuda."

Abusa anayambitsa nyimbo pomwepo, koma anaimba okha.

Panopa ndinabwerera ku pulogalamu yakale, ndimadula n'kulumikiza mwakachetechete, ndipo vidiyo iliyonse ndimaionera mpaka mayina akumapeto. Ntchito yanga sinafe ayi, maoda achita kuchuluka, poti aliyense akufuna kuona mkamwini amene anagwetsa mkulu wa mpingo ndi batani limodzi. Vuto ndi lakuti a Phiri akugona pa sofa ya kwathu, kudikira kuti mtima wa amayi utsike. Dzulo m'mawa anandipeza ndikugwira ntchito, anakhala pambali panga n'kunong'ona kuti, "Mukwasha, makina ako aja sangapange ina, yoonetsa ine nditagwada ndikupepesa?"

Ndawakanira. Kugwada akagwade okha ndi mawondo awo, ine AI ndi apongozi sindidzaziphatikizanso mpaka kufa.