Nkhope za makandidatu pachingwe

Lolemba
Lichinga kuzizira. Mwana sanakwane mwezi, matewera awiri okha, sakuuma. Akuti chisankho chikubwera, ofuna upulezidenti aphuka ngati bowa, aliyense akugawa kapulana, nsalu ya chitenje yokhala ndi nkhope yake. Za ndale sindizidziwa, koma nsalu ndi nsalu. Zofunika: matewera, mbereko, kachofunda. Mawa ndiyamba kusaka kapulana.

Lachiwiri
Komisiyu, msonkhano wokopa anthu, kuno ku Lulimile. Kuimba, kuvina, kuthamangira kamiyau, lole ya mphatso. Zomwe ndapeza: chipewa chapepala, fumbi m'maso. Patapata imodzi yasowa m'chipwirikiti.

Lachitatu
Komisiyu ina ku Assumane, ya kandidatu wina. Ndakuwa "viva" mpaka mawu kusasa. Kapulana ndalandira! Amake mwana aidula panayi. Lero ndine bambo.

Lachinayi
Podula sitinaganize. Nkhope ya kandidatu yagwera pakati penipeni pa thewera. Mwana wachita zake, pamphuno pomwe. Amake achapa, ayanika panja. Che Saide, oyandikana nafe, omwe abwera kuchokera kuthengo chaka chathachi atatula mfuti, aima pampanda nthawi yaitali. "Achimwene, mtsogoleri wathu mwamuika pamenepo?" Nkhondo yatha dzana lomweli. Anthu ankasowa pa zazing'ono kuposa izi. 

Lachisanu
Nzeru yabwera: mwana aipitsire onse mofanana, pasaoneke kukondera. Wapansi mpaka ku Chimbonila, kuli komisiyu ya mdani wake wa uja. "Viva" winanso. Kapulana yachiwiri, miyendo yotupa.

Loweruka
Pachingwe nkhope ziwiri, zonse zamathothomathotho. Che Saide sakuyankha moni. Dona Rosa, akazi a sekretariyu wa bairu, mkulu wa dera lathu, aona mtsogoleri wawo akudontha madzi: "Kodi kamwana kanuka kali chipani chanji?" Pachitsime chawo atiletsa kutunga. Dzulo ndinali ndi mdani mmodzi. Amake mwana sakundiyang'ana, akungoti, "Paja nsalu ndi nsalu." Ndayanula zonse, ndapinda nkhope mkati, ndabisa pansi pa mphasa. Mwana ali mbulanda, akulira.

Lamulungu
Ku misa sindikupita. Malaya anga oyera, aukwati aja, adulidwa panayi. Ndakhala pakhonde chifuwa pamtunda, chipewa chapepala kumutu, mano akugundana. Che Saide adutsa, asuzumira pachingwe, aona zoyera zokhazokha, apereka moni. Dona Rosa akuti mawa tikatunge.
Mwana wagona, wafunda. Lero waipitsira ine ndekha ndipo palibe wadandaula. Ndikanayambira malayawo Lolemba, bwenzi patapata yanga ndikadali nayo.