Bokosi Limene Ndinasenza ku Yunivesite

Abale ndi alongo, tcherani khutu ndipo musunge mawu awa, pakuti ndiwanena kamodzi kokha. Ambiri a inu munaona kale kanema uja pa mafoni anu, ndipo ndikudziwa kuti mumaseka ndikangotembenuka. Sindikukuimbani mlandu. Koma popeza nkhaniyi yayenda m'misika ya Golomoti ndi Mtakataka popanda mwini wake, n'koyenera kuti muimve kuchokera pakamwa pa amene anaona manyaziwo.

Mukumudziwa Tiyamike, mwana wa mlongo wanga Nabanda. Ndiye woyamba pa mbumba yathu kufika ku yunivesite. Tsiku lina mlongo wangayo anandipeza m'mamawa, nati: "Achimwene, wailesi ikuti ana akusukulu kuja akukonza zionetsero, ndipo akuluakulu anenetsa kuti aliyense woonekako amuchotsa sukulu. Mwana uja ndi wapakamwa ngati bambo ake. Pitani mukamugwire asanadziwonongere tsogolo."

Ine monga mwinimbumba, ndiponso mkulu wa mpingo, sindikanakana. Ndinavala jekete yanga yakuda ya pa Mgonero, ndinamangira mwanayo utaka wouma m'kathumba, n'kukwera minibasi pa Golomoti. Njira yonse ndinkakonza malangizo mumtima, ndipo kunena zoona anali malangizo okoma, oti mwala ukanamva.

Ndinalowa pachipata cha sukuluyo dzuwa lili pamutu. Ndisanayende patali ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu. Tsono ndikufunseni inu, anthu akwathu: masamba akaikidwa pamsewu amatanthauza chiyani? Kodi si maliro? Wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Ine ndinavula chipewa.

Posakhalitsa kunatulukira khamu la achinyamata likuimba, ndipo patsogolo pake anyamata asanu ndi mmodzi anali atasenza bokosi lokutidwa ndi nsalu yakuda. Mtima unandiwawa. Mwana wa munthu wafera kusukulu, kutali ndi amake! Ndinamwaza maso kufunafuna waimvi mnzanga, koma panalibe ndi mmodzi yemwe. Ana okhaokha akukaika mnzawo.

Ndivomereze kuti panali zizindikiro zimene munthu wochenjera akanaziona. Ena anali atadzola makala kumaso, ena ankavina, wina ankamenya chigubu. Koma ndinati mumtima, awa ndi adzukulu, ndipo kwathu kuno adzukulu amachita nthabwala pamaliro popanda wowaletsa. Ena ananyamula zikwangwani za Chingelezi, koma magalasi anga anali m'thumba, ndiponso pamaliro munthu sayenda akuwerengawerenga, amazolika. Nyimbo yawo sindinaidziwe. Ndinangoti kapena malemuwo anali a mpingo wina.

Mwambo wathu mukuudziwa: bokosi likamadutsa, mwamuna aliyense amalandirako mnzake, ndipo safunsa kuti wagonamo ndani. Ndinati za Tiyamike ziyambe zadikira. Ndinasendera, ndinagwira phewa la mnyamata amene anali kutsogolo, ndinati: "Pumulako, mwananga."

Mnyamatayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufuula: "Magaye! Madala ajoina!"

Khamu lonse linakuwa, atsikana n'kuimba nthungululu. Nthungululu pamaliro! Ndinadabwa, koma ndinawakhululukira. Ndinati umu ndi mmene ana amachitira akasowa wowaongolera, ndipo ndinathokoza kuti ndafika pa nthawi yake.

Bokosilo linali lopepuka ngati dengu lopanda kanthu, ndipo tikaponda pokumbika, mkati munkamveka kanthu kakugubuduka. Ndinacheukira mnyamata wakumbuyo kwanga n'kunong'ona: "Kodi anadwala nthawi yaitali?"

"Masabata atatu, madala," anayankha nkhope ili gwa. "Osatulutsa ngakhale dontho."

Ndinapukusa mutu. Ndinati awa ndi matenda a impso, ndiye chifukwa chake thupi latha chonchi.

Apo ndinakumbukira kuti ndafika pamaliro chimanjamanja. Ndinakodola mtsikana wina wa chipewa chofiira amene ankaoneka kuti ndiye akuyendetsa mwambo, ndinamupatsa kathumba ka utaka kaja, ndinati: "Chipepeso changa ichi, mukapereke kwa anamfedwa." Iye anasuzumiramo, anakakweza m'mwamba, nati: "Madala abweretsa ndi ndiwo zomwe!" Utaka umenewo Tiyamike sanaulawe mpaka lero.

Tinafika pa nyumba yaikulu ya maofesi, n'kutula bokosi pamwamba pa masitepe. Zitseko zonse zinali zotseka. Ndinaganiza kuti abweretsa mnzawo kuti adzatsanzike aphunzitsi ake. Ndinadikira pemphero, koma kunalibe. Mnyamata wina ankangokalipa pa chimkuzamawu m'Chingelezi chothamanga, anzake n'kumayankha. Mtima wanga sunapirire. Ndinamugwira mkono, ndinati: "Ana inu, kodi mwambo wonsewu utha popanda ndi pemphero lomwe?"

Anayang'anizana. Kenako mtsikana wa chipewa chofiira uja anati: "Apatseni madala!"

Abale, ndinalandira chimkuzamawu chija ndi manja awiri. Ndinati tigwade, ndipo khamu lonse linagwada. Ndinatseka maso. Ndinapempherera malemu, ndinapempherera otsala kuti apirire. Kenako ndinakumbukira zitseko zotseka zija, ndipo ndinati: "Fewetsani mitima ya akuluakulu a sukulu ino, kuti atuluke m'maofesi mwawo adzaone chimene chagwera ana awo."

"Ameni!"

Ameni ameneyo anagwedeza mawindo. Zaka zonse zimene ndatumikira pano, inu simunandipatsepo Ameni wotero, ndipo apa ndi pamene kunyada kunandilowa. M'malo momaliza, ndinawonjezera. Ndinati n'zamanyazi kuti ana asenze okha katundu wotere akulu atadzitsekera. Ndinati kwathu ku Golomoti zotere sizichitika. Inde, ndinatchula ndi kwathu komwe, pa chimkuzamawu, mafoni onse atandiloza! Ndinati sitichoka pano kufikira atatuluka.

Ndisanafike kumapeto, ndinamva kuphulika, phuu! Kenako mapazi a anthu othamanga. Nditatsegula maso, utsi woyera unali ponseponse, ndipo aliyense ankalira. Ndinati mumtima, tsopano chisoni chawafika. Koma nanenso misozi inayamba kutsika, mphuno kuyaka ngati ndanunkhiza tsabola wosinja. Unali utsi wokhetsa misozi. Apolisi anali atafika ine ndili chitsinzinire.

Ana onse anabalalika. Nanga ine ndikanathawa bwanji? Kodi munthu amasiya maliro pamasitepe n'kuthawa? Ndinagwira bokosi lija ndekha kuti ndilikokere pambali, ndikutsokomola, osaona kumene ndikuponda. Linandipulumuka, linatsetsereka masitepe onse, chivundikiro n'kugwera uko. Ndinaphimba kumaso. Ndiye ndinamva kulira kwa chitsulo pa simenti, ngwee!

Malemu aja anagubuduka n'kudzaima pa nsapato ya wapolisi. Unali mpopi wa madzi, wadzimbiri, ndi kachidutswa ka paipi, nsalu yoyera imene anaukulungamo itamasuka. Madzi anali atasiya kutuluka m'nyumba zogona ophunzira kwa masabata atatu, ndipo zimene ndinasenzazo zinali zionetsero zomwe zija mlongo wanga anandituma kuti ndikaletse mwana.

Wapolisiyo anayang'ana mpopi, anayang'ana ine, nati: "Bambo, inu ndiye mtsogoleri?"

Ananditengera mu ofesi ya mayi wina woyang'anira za ophunzira. Mayiyo anandionetsa kanema pa foni yake: ine ndili pamwamba pa masitepe, dzanja lili m'mwamba, ndikulumbira kuti sitichoka. "Mwatumidwa ndi bungwe liti?" anafunsa.

"Ndatumidwa ndi mlongo wanga," ndinayankha.

Kenako anafunsa amene ndinadzamuona. Ndinadziwa kuti ndikatchula dzina, mwana amene ndinadzamupulumutsa ndimuchotsetsa sukulu ndi pakamwa panga. Koma bodza sindinaliphunzire, ndipo sindikanaliyambira pamenepo. Ndinamutchula, n'kugwada pansi, mkulu ngati ine, kupempha kuti chilango chikhale changa.

Anamuitanitsa. Tiyamike analowa atakumbatira mabuku. Tsiku lonse anali mu laibulale kukonzekera mayeso, ku zionetsero sanapondeko n'komwe. Atandiona maso ali psuu, jekete ili mbuu, anati: "Amalume! Ndiye madala amene aliyense akunenawo ndinu?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa masamba a pamsewu mpaka pa chipepeso. Mayi uja anayesa kudzigwira, koma nditafika pa matenda a impso anagwetsa mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Atapukuta misozi anati: "Tiyamike, iwe ulibe mlandu, pitiriza sukulu. Koma amalume akowa uwaperekeze mpaka akwere galimoto, ndipo usachoke isananyamuke."

Tinatuluka pachipata. Pafupi ndi pokwerera, mwanayo anafunsa mwaulemu wonse: "Kodi amalume, munabwera ndi uthenga wanji?"

Ndinati: "Amayi ako akupereka moni."

Patapita masiku awiri Tiyamike anandiimbira foni. Anati madzi ayamba kutuluka, ndipo anzake akhulupirira kuti ndi pemphero lija. Anati amutuma andifunse ngati ndingabwerenso Lachisanu, pakuti nyemba za kumalo odyera nazonso zili ndi anankafumbwe, ndipo bokosi alikhoma kale. Ndinamuuza kuti Lachisanu ndili ndi msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti zinali zoona.

Tsono ndikulonjeza pamaso panu: maliro sindidzasiya kusenza, pakuti ndi ntchito yathu tonse. Koma phewa langa silidzalowanso pansi pa bokosi ndisanamve dzina la malemu, mudzi wawo ndi mpingo wawo, ndipo pakakhala wina womenya chigubu ndidzayamba ndavala magalasi.

Ambuye akudalitseni inu nonse amene mwamva, amene mwaseka poyera ndi amene mwadzigwira. Asunge ana anu kumene akuphunzira, ndipo akupatseni ukalamba wa ulemu woposa wanga. Ameni.