Masupuni Asanu a Phala

Mpaka lero ndikaona fulasiki yobiriwira ija pamwamba pa kabati, ndimafuna pansi patang'ambika ndilowe. Lekani ndiulule, mwina manyaziwa angachepe.

Mpongozi wanga Tadala, mkazi wa mwana wanga Yamikani, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Sikani inaonetsa kuti mwana m'mimbamo ali ndi madzi m'chifuwa. Madokotala a ku Leeds anati amuika kapaipi kotulutsa madziwo asanabadwe, apo ayi mtima wake utopa. Kalata ya kuchipatala inanena poyera kuti wodwala asadye kanthu m'mawa wa opaleshoni. Ndinaiwerenga ndekha (ndasamalira okalamba ku Hull zaka khumi, sindinganamizire Chingerezi).

Koma ine ndinakulira pa ugadiyani. Kwathu ukasiya wodwala ndi njala, anthu amakunena mpaka tsiku la maliro ako. Nanga munthu wodyera awiri? Ndinalawira kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kukwera nalo sitima.

Ndinapeza Tadala atavala kale chovala cha kuchipatala, milomo itauma gwa. Yamikani anali atatsika kukasuntha galimoto. Ndinakoka katani.

"Idyani pang'ono, mama, mupeze mphamvu."

"Amayi, anati ndisadye."

"Phala n'chakudya ngati? Awa ndi madzi chabe."

Anandiyang'ana, n'kulandira supuni ndi manja awiri. Anameza kasanu. Ine mtima unakhala pansi, ndipo ndinabisa fulasiki m'chikwama ndikudzitcha mpongozi wabwino.

Posakhalitsa kunalowa dokotala wogonetsa odwala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa. Anati tsikulo ali ndi odwala awiri. Tadala amubaya jakisoni wochititsa dzanzi, mwanayo amupatsa mankhwala akeake kuti asamve ululu ndiponso asagwedezeke. Koma zinthu zikatembenuka, adzamugoneka Tadala mwachangu kuti atulutse mwana, ndipo ngati m'mimba muli chakudya, chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Kenako anafunsa: "Mwadya liti komaliza?"

Tadala anayang'ana pansi. "Dzulo madzulo."

Abale inu, thukuta linandituluka m'nyengo yozizira. Mwana wa eni ake akunama, akuika moyo wake ndi wa mdzukulu wanga pachiswe, kuti apongozi ake asayaluke pamaso pa mlendo. Dokotala anali atayamba kale kulemba. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa fulasiki ija ngati wakuba wogwidwa ndi nkhuku m'khwapa.

"Ndine ndalakwa. Phala. Masupuni asanu."

Dokotala anaitsegula, n'kununkhiza, n'kufunsa zimene ndinathiramo. Sanandikalipire (bola akanandikalipira). Anangoti tidikira maola asanu ndi limodzi, kenako anandithokoza chifukwa chonena zoona. Kuthokozako ndiye kunandipha.

Yamikani atabwera n'kumva, anagwira mutu. "Amayi, inuyo? Inu amene mumaletsa agogo achizungu kudya akamapita ku opaleshoni?" Ndinanyamula fulasiki n'kutuluka.

Maola amenewo ndinakhala pampando wa m'khonde, fulasiki ili pamiyendo, ndikudziwa kuti mtima wa mwana ukugunda movutikira chifukwa cha nsinjiro zanga. Namwino aliyense akadutsa ndinkaganiza kuti wamva mbiri yanga. Madokotala analowa naye Tadala ku opaleshoni masana, ndipo Mulungu ndi wabwino, kapaipi kanalowa bwino.

Mawa lake ndinamufunsa Tadala chifukwa chake anadya, chikhalirecho ankadziwa. Anati, "Ndikanakukanirani bwanji, amayi?" Ndinapita kuchimbudzi kukalira.

Mwana uja ndi Chisomo, mtsikana wa makani amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Phala amadana nalo. Ndikamutengera supuni kukamwa, amatseka milomo n'kunena, "No, Gogo."

Mtima umandiuza kuti ndimukakamize kamodzi kokha. Ndiye ndimayang'ana mayi ake, n'kudya ndekha phalalo.